Laini Yosalowa Achibale

Darlene Sawchuk anatsika ndege ku Puerto Vallarta, ku Mexico, ali ndi chikwama chimodzi, mng'ono wake mmodzi, ndi masiku asanu ndi awiri. Pa zitatuzi, chimene ankaopa kwambiri kuti angamubere chinali masikuwo.

Anawadikira zaka khumi ndi chimodzi. Masana ankagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba ku Winnipeg, ku Canada, kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza anthu pabedi. Akaweruka ankapita kwawo kukadyetsa anthu ena atatu amene sanali okalamba ngakhale pang'ono: mwamuna wake Wayne, mwana wake Tyler wa zaka 27 amene anabwerera kwa makolo "kwa mwezi umodzi wokha" zaka ziwiri zapitazo, ndi mwana wake wamkazi Kayla wa zaka 22, wa ku yunivesite, wodziwa mayina a mafupa onse a m'thupi la munthu koma wosadziwa kumene kumakhala sopo.

Ndiye pa ulendowu Darlene sankafuna zambiri. Zokwera boti kukaona anangumi analibe nazo ntchito. Zovina, ayi. Ankangofuna sabata imodzi yoti pasapezeke munthu womufunsa kuti chakutichakuti chili kuti.

Sikuti anangowathawa. Mufiriji anasiya makontena a mapirogi (timitanda ta ufa toika mbatata m'kati), supu ndi nyama yogaya, chilichonse atachilemba tsiku lodyera. Pachitseko cha firijiyo anamata pepala lofotokoza zonse, atalemba ndi zilembo zikuluzikulu ngati za ana a sukulu yamkaka.

Foni inayamba kunjenjemera asanalandire n'komwe chikwama chake.

Wayne: "Dar, mwafika bwino? Fosholo ya sinowo ili kuti?"

Tyler: "Amayi, kontena yolembedwa Lachiwiri ndingadye lero?" Tsikulo linali Loweruka.

Kayla anatumiza chithunzi cha galu. "Amayi, akundiyang'ana modabwitsa. Amatero nthawi zonse?"

"Achemwali, laini ya kwathu imeneyo muizimitse, kuno ikumetani mpala," anatero mng'ono wake Roxanne ali m'takisi. Roxanne anali wokonza tsitsi, wosakwatiwa, wopanda mwana, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti amagona mokwanira. "Ine yanga ndinagulira pa intaneti ndili chigonere. Siioneka n'komwe ndi maso, imangolowa mufoni ngati mzimu. Koma yanuyo, foni ya m'nthawi ya Nowa, mpaka mukagule kakhadi kenikeni mawa. Akupatsani nambala ya kuno."

"Nambala ina?"

"Eya."

"Yoti a kunyumba saidziwa?"

"Aidziwa bwanji musanawauze?"

Darlene anayang'ana panja pa zenera. Kwa nthawi yoyamba chinyamukireni mapewa ake anatsika.

M'mawa mwake anapeza kasitolo ka mafoni kopanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi malo ophikira matotiya, zikondamoyo zopyapyala za chimanga. Munali mayi wina wa zaka ngati makumi asanu ndi limodzi, magalasi ali lende pachifuwa, akudzikupiza ndi katoni. Anthu odutsa ankawapatsa moni kuti Doña Chayo. Chingerezi chawo anachitola kwa alendo othawa chisanu amene amadzaza tauniyo chaka ndi chaka.

"Mwachokera ku Canada," anatero Doña Chayo, Darlene asanatsegule pakamwa.

"Pepani, mwadziwa bwanji?"

"Miyendo. Yoyera ngati tchizi. Komanso mwapepesa kwa mpando uwo mutaugunda. Tsopano mwapepesanso kwa ine. Mukufuna chiyani, señora?"

"Laini ya kuno. Ya sabata imodzi."

Doña Chayo anayala timakhadi titatu pagalasi. "Ya buluuyi imagwira paliponse, ngakhale kumapiri. Ya lalanjeyi ndi yotchipa, koma imakonda m'tauni. Mukangokwera basi yopita kumwera, nayo yagona. Iyi ya chithunzi cha mgwalangwa ndi ya alendo amene safunsa mafunso."

"Ili ndi chiyani chapadera?"

"Chithunzi cha mgwalangwa."

Darlene anakankhira kumbali ya mgwalangwayo. "Tamverani, mayi. Ine ndikufuna yoonera mapu ndi kuitanira takisi. Basi. Ndipo nambala yake asaidziwe munthu."

Doña Chayo anavala magalasi n'kumuyang'ana bwinobwino. "Mwathawa mwamuna?"

"Mwamuna, ana awiri ndi galu."

"Amakuzunzani?"

"Ayi. Amandifunsa."

"Aaa," anatero Doña Chayo akugwedeza mutu. "Matenda amenewo ndimawadziwa. Tengani ya buluu. Bandulo yake ikukwanani sabata yonse pa mapu anuwo, ndipo WhatsApp ndi yaulere. Imeneyo siitha, ngakhale mutalankhula mpaka tsiku lomaliza."

Darlene anamva ndithu mawu amenewa, osati kuti sanawamve. Kungoti sanaone kuti akumukhudza. Kwa iye, mauthenga onse a ana ake ankakhala mu kakhadi kakale kaja, monga makalata amakhalira m'bokosi la pakhomo. Ukachotsa bokosi, wa mtokoma aponya kuti? Ndiye anangovomera ndi mutu.

Asanachotse laini yakale analembera gulu la banja uthenga umodzi: "Ndikusintha laini. Mukaona magazi kapena moto, imbirani Roxanne. Zina zonse zili papepala la pafiriji."

Doña Chayo anavula ndolo, n'kubaya nayo kabowo ka m'mbali mwa foni, kakabati n'kutuluka. Anachotsa kakhadi ka ku Canada, kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda, n'kukamata ndi selotepi pa katoni. Darlene anakayang'ana kali pansi pa selotepiyo. M'maso mwake ankaonamo Wayne, Tyler, Kayla ndi galu yemwe, onse atapanikizika, akugogoda. Anakaponya pansi penipeni pa chikwama, n'kuikapo mafuta a dzuwa pamwamba.

Kwa maola awiri foni inali zii. Darlene anakhala pampando pansi pa ambulera, zala za kumapazi zili mumchenga. Anagula nsomba yowotcha yobaya pakamtengo, n'kuifinyira ndimu. Ankaganiza kuti nzeru zake zagwira. Sanaganize kuti linali Lamlungu m'mawa, ndipo kunyumba kwake Lamlungu m'mawa kumakhala kulibe wodzuka.

Atangoluma nsomba kachitatu, foni inalira. Osati kauthenga, koma kuimba kwenikweni, kwa vidiyo. Chala chake, chozolowera zaka zambiri, chinadina chokha. Panatulukira mphuno ziwiri zikuluzikulu, chifukwa Wayne amagwira foni pafupi ndi mimba.

"Dar! Koma ndiye mukuoneka bwino lero! Dzulo mumadukaduka. Ndikuona mpaka mchenga!"

"Mwandipeza bwanji?"

"Ndangodina chithunzi chanu, ngati masiku onse. Tamverani, chotsegulira zitini chili kuti?"

"Dilowa lachiwiri, kumanzere, pansi pa zopukutira mbale."

Yankho linatuluka lokha, mutu usanavomereze. Wayne anati zikomo, foni n'kuduka. Darlene anatsala nsomba ili m'manja, kukamwa kuli yasa.

Roxanne anaseka mpaka kutsamwa ndi madzi a kokonati. "Mayo ine, achemwali! Mumayesa WhatsApp imakhala mu kakhadi? Ija imakhala mufoni. Imangofuna intaneti basi, ya kwa aliyense. Ndiye inu mwakawagulira ya mphamvu, yogwira mpaka kumapiri, yaulere, yosatha!"

"Iwe umadziwa?"

"Aliyense amadziwa."

"Nanga osandiuza bwanji m'takisi muja?"

"Simunandifunse. Inu paja simufunsa, mumangoyankha."

Pofika masana mauthenga anali akugwa ngati matalala. Chivindikiro cha poto wamkulu chili kuti. Kodi mkaka ukanunkha pang'ono umakhala utawonongeka. Amayi, malaya anga obiriwira aja. Dar, mawu achinsinsi a TV. Darlene ankati ayankhe limodzi lokha lomaliza, kenaka limodzi lina lomaliza.

"Ingozimitsani, nanga n'chiyani?" anatero Roxanne.

Anazimitsa. Patatha theka la ola foni ya Roxanne inayamba kulira. Roxanne sanayankhe. Atabwerera kuhotela, mtsikana wa pofikira alendo anawathamangira nkhope ili gwa, n'kunena kuti kwaimba bambo wina wa ku Canada, akuti mkazi wake wasowa ku Mexico, ndipo akufunsa nambala ya apolisi. Darlene anayatsa foni n'kuimba.

"Ndili moyo, Wayne."

"Mwatiopsa, Dar! Tinayesa mwabedwa. Poti mwaimba kale, mababu osinthira aja timasunga kuti?"

Lolemba m'mawa Darlene anawerenga masiku ndi zala. Awiri anali atapita kale, ndipo pa awiriwo anapuma maola awiri. Anavala masilipasi n'kulunjika kwa Doña Chayo.

"Mwandigulitsa laini yodontha," anatero, n'kuika foni pagalasi. "Akulowa onse. Ndi galu yemwe."

Doña Chayo anaona mndandanda wa mauthengawo, akutsitsa ndi chala, akutsitsabe. Kenaka anasuzumira panja n'kukuwira mnzawo wa matotiya mawu angapo m'Chisipanishi. Kuseri kwa khoma kunamveka chikhakhali.

"Señora, laini yotsekera ana kulibe. Ikanakhalapo bwenzi amayi atandanda pamzere kuchokera pano mpaka kunyanja."

"Ndiye nditani? Ndikazimitsa akuitana apolisi."

"Ine ndili ndi ana aamuna anayi, ndi bambo awo wachisanu. Chilowereni muno, dzulo ndi lero, mwaimva foni yanga ikulira?"

Darlene anaganiza. "Ayi."

"Ndinawachiritsa."

Anatulutsa foni yawo m'thumba la epuloni n'kumuonetsa. Funso lomaliza la mwana wawo wamkulu linali la mwezi wa Ogasiti: makiyi a njinga yamoto ali kuti. Pansi pake panalibe mawu olemba. Panali kamzere ka uthenga wa mawu, ndipo pambali pake panalembedwa kutalika kwake: mphindi khumi ndi imodzi.

"Yankho lili momwemo," anatero Doña Chayo. "Ine sindinama, sindimana mwana yankho. Koma limakhala pakati, ndipo sindinena kuti pakati pake ndi pati. Asanalipeze amva za bondo langa, za mlamu wanga wa ku Tepic, ndi ntchito zitatu zoti agwire. Inu anthu a kozizira vuto lanu ndi limeneli. Mumalemba timawu titatu ndi chala chimodzi, mwachangu, molondola. Mwasanduka makina ogulitsa zakumwa. Munthu wadina, botolo lagwa. Angasiyirenji kudina? Kuno mayi salemba. Mayi amalankhula."

Foni ya Darlene inanjenjemera pagalasi pomwepo. Anali Tyler. "Amayi, makina ochapira akuwala kanyali kofiira ndipo aima."

"Eya, wabwera yekha," anatero Doña Chayo akutikita manja. "Dinani kachizindikiro ka maikolofoni aka, mukakokere m'mwamba kuti chala chisatope. Tiyeni."

Darlene anakonza kukhosi. "Tyler, wadzaza kwambiri, chotsamo zina..."

"Ayi, ayi, ayi!" Doña Chayo analanda foni n'kufufuta. "Mwayamba ndi yankho! Mukufuna kufa muli chiimire? Yambani ndi tsiku limene anabadwa."

"Tsiku limene anabadwa?"

"Munavutika maola angati?"

"Khumi ndi asanu ndi anayi."

"Ndiye mukusunga chuma chimenecho osachigwiritsa ntchito?"

Darlene anadinanso. Poyamba mawu ankatuluka mwamanyazi, ngati munthu wopatsidwa mwayi wolankhula pa ukwati asanakonzeke.

"Tyler, mwana wanga, ndi amayi ako. Ndaona funso lako la makina. Ndiyankha. Koma kanyali kofiira wanenaka kandikumbutsa tsiku limene unabadwa, chifukwa galimoto ya bambo ako inayatsanso kanyali kofiira tili panjira yopita kuchipatala, mu Januwale, sinowo ikufika m'mawondo. Bambo ako anatsika n'kutsegula boneti, n'kuima pamenepo akuyang'ana injini ngati iwauza kanthu. Mutu wako, mwana wanga, unali waukulu. Anamwino ankaitanizana kudzauona..."

Atafika pamutupo, china chake chinamasuka. Darlene anapeza kuti anali ndi nkhani zambiri zimene kwa zaka zonsezi panalibe womupatsa mpata wozinena. Ananena za mano a Tyler, za nsapato zosewerera hoke pa ayezi zimene analirira miyezi itatu n'kuzivala kawiri, za mbale zisanu ndi imodzi zimene zili pansi pa bedi lake pakali pano, inde akuzidziwa, ndipo zikatsukidwe lero. Penapake pakati, osasintha mawu, anati makinawo wawadzaza kwambiri, achotsemo theka. Kenaka anapitiriza ndi msana wake, ndi mwana wa a Friesen oyandikana nawo nyumba, wamng'ono kwa Tyler ndi zaka ziwiri, amene ali ndi nyumba yakeyake ndipo amaitana amayi ake kukadya Lamlungu.

Atamaliza, kamzere kanaonetsa mphindi zisanu ndi zinayi.

"Kwa wophunzira kumene, si zoipa," anatero Doña Chayo. "Koma mumathamanga. Muzipuma. Muzimwa madzi foni ikujambula."

Darlene asanafike n'komwe pakona ya msewu, Tyler anayankha. "Amayi, simungangolemba?"

Anakhala pabenchi pansi pa mtengo, n'kumufotokozera kwa mphindi zisanu ndi imodzi chifukwa chake zala zake zimapweteka akamalemba, kuyambira chaka chimene anayamba kunyamula okalamba.

Wayne ndiye anagwa m'dzenje lakuya. Lolemba madzulo anafunsa kuti bini ya zinyalala yotulutsa Lachiwiri ndi iti, ya buluu kapena yakuda. Darlene anaitanitsa madzi a ndimu, anakweza miyendo pampando wina, n'kuyamba. Anayambira pa chitseko cha galaja chimene Wayne analonjeza kukonza Kayla ali ku sekondale. Anadutsa pa mawu amene apongozi ake ananena za diresi lake tsiku la ukwati, mawu amene Wayne mpaka lero amati sanawamve. Anaima pang'ono kuti ayamikire woperekera zakumwa, n'kufunsa dzina lake ndi la ana ake, foni ikujambulabe. Za bini anazitchula pa mphindi ya khumi ndi chimodzi. Uthenga wonse unakwana mphindi khumi ndi zinayi.

Patapita kanthawi Kayla analemba payekha. "Amayi, adadi aima panja pa galaja, foni ili kukhutu, chipewa alibe. Akana kulowa. Akuti akasuntha aphonya yankho. Mwawatani?"

Limenelonso linali funso. Kayla analandira mphindi zisanu ndi zitatu, zokhudza chipewa, chimfine, ndi mnyamata wa ndevu uja amene amabwera kudzadya koma sanagwirepo mbale.

Lachiwiri a kunyumba anayesa njira yachidule. Foni ya Roxanne inalira ali pa chakudya cham'mawa.

"Ndi Tyler," anatero Roxanne. "Akuti, anti, tawafunsireni amayi kuti sikelo ya kukhitchini ili kuti, koma mulembe ndinu, iwo asagwire foni."

"Bweretsa kuno."

"Achemwali, mwanayu wandidalira."

"Bweretsa."

Roxanne anapereka, n'kutsamira kumpando kuti amvetsere bwino. Pakati pa uthenga umene Darlene ankajambulira Tyler, Roxanne analowererapo n'kuwonjezera nkhani ya tsiku limene Tyler anamukodzera padiresi ali ku ubatizo, imene Darlene anali ataiiwala.

Tsiku limenelo mafunso anabwera anayi okha, ndipo lachinayi linali lochokera kwa Wayne, lolembedwa mosamala ngati kalata ya kukhoti: "Dar, funso ili yankho lake ndi eya kapena ayi basi." Darlene anamuuza kuti m'banja mulibe funso la eya kapena ayi, ndipo anapereka zitsanzo.

Lachitatu kunacha bwino, kopanda mphepo. Darlene anadya mazira ndi nyemba, foni ili chafufumimba pathebulo. Sinagwedezeke. Anapita kunyanja, analowa m'madzi mpaka m'chiuno, anatuluka, anaumitsa miyendo. Foni zii. Anaitembenuza kuti aone ngati netiweki ilipo. Inalipo, timizere tonse tili chilili.

Itakwana leveni koloko inanjenjemera kamodzi. Wayne.

"Dar, mankhwala a galu aja"

Uthengawo unathera pomwepo, ngati munthu wagwidwa dzanja. Darlene anaona timadontho tosonyeza kuti wina akulemba. Tinasowa. Tinabweranso.

"Basi, musavutike. Tawapeza. Kayla anayang'ana m'kabati."

Kenaka wina: "Tonse tili bwino. Tadya. Mbale tatsuka."

Kenaka wina, wa Tyler: "Chonde musajambule."

Chala cha Darlene chinali kale pamwamba pa kamaikolofoni. Kunena zoona, zinamupweteka pang'ono. Anali atakonza uthenga wabwino kwambiri wokhudza ngalande za padenga, wokhala ndi mbiri ya azibambo atatu a m'banja la Wayne, ndipo anali atauyeserera m'bafa.

"Achemwali," anatero Roxanne osatsegula maso, "asiyeni. Agonja."

"Ndi wa mphindi makumi awiri, Rox. Uli ndi poyambira, pakati ndi pothera."

"Muusunge. Mudzaufuna pa Khirisimasi."

Darlene anaganiza, n'kuona kuti mng'ono wakeyo nthawi zina amalankhula zanzeru. Anatumiza kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba, n'kulowetsa foni m'chikwama. Anatsitsa mpando mpaka unagona, anaphimba nkhope ndi chipewa, n'kupinda manja pamimba.

Anagona dzuwa lili paliwombo, tulo tosapempha chilolezo kwa munthu. Wogulitsa mikanda anabwera, Roxanne anamubweza ndi dzanja. Oimba magitala anabwera, anawalozera kutsogolo. Mthunzi wa ambulera unasuntha pang'onopang'ono mpaka mwendo wakumanzere wa Darlene unatsala padzuwa, n'kuyamba kufiira ngati soseji. Roxanne anauyang'ana mwendowo, anayang'ana mkulu wake akuliza mkonono kukamwa kuli pululu, n'kuona kuti kumudzutsa kungakhale kulakwa. Anangotenga thaulo n'kuufunditsa.